Za Keke Yopanda Dzira ndi Mkaka, ndi Kaperekedwe Kake kwa Alendo

Pakati pa zinthu zatsopano zimene zafika mu Kalingalinga m'zaka zapitazi, pamodzi ndi nyumba zosanja zimene zamera m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata pakati pa amisiri a matabwa ndi owotcherera zitsulo, pali china chaching'ono chimene wodutsa pamsewu sangachione, koma chimene chayamba kuutsa mitsutso pa kitchen party, paukwati ndi paphwando lokumbukira tsiku lobadwa. Chinthucho ndicho keke yochita kugula, yophikidwa popanda dzira, popanda mkaka, popanda batala, ndi popanda kanthu kena kalikonse kochokera ku nyama, imene ogulitsa ake amailemba dzina lakuti vegan. Ena amainyoza asanailawe, nati n'keke yanji yopanda dzira. Ena amaitamanda kopitirira muyezo, nayiyesa mankhwala. Ndipo ambiri, amene sali mbali iyi kapena iyo, amangofunsa kuti ikafika pakhomo iperekedwe motani. Ndifuna kuyankha onse atatu, pakuti ndikhulupirira kuti nkhani imeneyi, ngakhale ioneka ngati ya m'kamwa chabe, phata lake ndi ulemu wa mlendo.

Tiyambe ndi kumene chinthuchi chinachokera. M'mwezi wa November chaka cha 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, munthu wina wa ku England dzina lake Donald Watson, pamodzi ndi anzake owerengeka, anayambitsa bungwe la Vegan Society, atalingalira kuti kuleka nyama kokha sikukwanira ngati munthu apitirizabe kumwa mkaka ndi kudya mazira, popeza ng'ombe yokamidwa ndi nkhuku yoikira nazonso zimathera kumpeni ntchito yake ikatha. Koma keke yopanda dzira ndi yakale koposa bungwe limenelo, ndipo chinaibala ndi umphawi. Pa nthawi ya kugwa kwa chuma ku America m'zaka za m'ma 1930, ndiponso pankhondo ija, pamene boma la Britain linkagawira munthu wamkulu dzira limodzi lokha pa mlungu, akazi a m'maiko awiriwo, posafuna kuti ana awo aiwale kukoma kwa keke, anaphunzira kuiphika ndi ufa, shuga, mafuta, soda ndi viniga basi. Tsono chakudya chimene lero chikhala m'bokosi lomangidwa ndi riboni, nichiyesedwa cha apamwamba a kumayadi, chinayambira m'nyumba za anthu osowa onga ife tomwe.

Kusala chakudya nakonso si chinthu chachilendo pakati pathu. Makolo athu ankadziwa kuti munthu aliyense ali ndi zake zimene sadya, kaya chifukwa cha mfunda wake, kaya chifukwa sing'anga anamuletsa, kaya chifukwa thupi lake lizikana. Angoni akale ankasala nsomba ngakhale anakhala pakati pa anthu ozidya, ndipo mkazi wanzeru, asanatereke mphika wa mlendo, ankayamba watuma mwana kukafunsa mwakachetechete ngati pali ndiwo imene mlendoyo sakhudza. Lero osala achuluka, ndipo zifukwa zawo n'zosiyanasiyana. Alipo a Sabata, a mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazika mishoni yake ku Rusangu pafupi ndi Monze mu 1905, ndipo uli ndi chipatala ku Mwami kufupi ndi Chipata. Ena mwa iwo analeka nyama, ena anafika poleka mkaka ndi mazira omwe. Alipo a chipembedzo cha Rasta. Alipo anzathu Achihindu a ku Kamwala, ena mwa iwo osadya dzira. Alipo Akatolika odzimana m'nyengo ya Lenti. Alipo ophunzira a pa yunivesite ya Zambia amene achita lendi m'nyumba zathu, ena mwa iwo ataleka zanyama chifukwa cha chifundo pa ziweto kapena nkhawa pa nthaka ndi nkhalango. Ndipo koposa onsewa alipo amene sanachite kusankha: akuluakulu ochuluka a mitundu yathu ino, amene mimba yawo siigaya bwino shuga wa mumkaka, kotero kuti akamwa amatupidwa ndi kutsegula m'mimba, ndi ana amene akalawa dzira thupi limachita ziwengo.

Malembo Oyera sanaisiye nkhani iyi osaikhudza. Danieli ndi anzake atatu, ali andende m'nyumba ya mfumu ku Babulo, anakana zakudya za pagome lachifumu napempha zamasamba ndi madzi, ndipo kapitawo amene anawamvera sanachite manyazi pamapeto pake. Mtumwi Paulo, m'chaputala 14 cha kalata yake kwa Aroma, anapeza mumpingo mkangano womwewu tili nawowu, wa odya zonse ndi odya zamasamba zokha, ndipo sanagamule kuti mbali imodzi igonje, koma analetsa mbali zonse ziwiri kupeputsana ndi kuweruzana. Chigamulo chimenecho ndicho chiyenera kulamulira pagome pathu.

Aliyense amene amayenda m'maphwando a m'komboni waonapo chimene ndifuna kunena. Keke yadulidwa, atsikana azungulira ndi mbale, nthungululu zili pakamwa, ndipo mbale ikafika kwa mayi wina wokhala kumapeto kwa benchi, iye awomba m'manja pang'ono, naweramitsa mutu, nati, "Zikomo mwanawe, ine ndakhuta, patsa anzangawa." Sanakhute ayi, wachoka kwawo m'mamawa, wakwera mabasi awiri kuchokera ku Chawama, wavala chitenje cha phwando monga anapemphera eni ake, wapereka mphatso yake monga ena onse, koma adziwa kuti m'kekemo muli chimene iye sadya, ndipo ulemu wake sumulola kunena, kuopa kuchititsa manyazi mwini phwando. Abwerera kwawo atangomwa madzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; ndipo ngati m'kanthawi kochepa kamene ali pakhomo pathu tamusiya akuyang'ana anzake akudya, phwando lathu, lingakhale la matenti ndi zoimbira zamphamvu, laperewera. Chifukwa cha mayi ameneyu ndinena kuti keke yopanda zanyama ilandiridwe.

Alipo amene ati mlendo adye chimene wapeza, ndi kuti mwini nyumba sangathe kuphikira munthu aliyense mphika wakewake. Mawuwa ali ndi choona chake pa nthawi ya njala, ndipo palibe mlendo woleredwa bwino amene angafune kuti mnzake wosauka alowe m'ngongole chifukwa cha iye. Komatu taonani ubwino wa keke tikunenayi: wodya dzira angathe kuidya osataya kanthu, pamene wosala dzira sangathe kudya inayo. Keke imodzi yotere ikwanira wa Sabata, wa Lenti, wa Rasta ndi wovutika m'mimba, onse pamodzi, ndipo mwini phwando safunikanso kugula makeke awiri. Chimene ena achiyesa mtolo woonjezera chili m'choonadi njira yochepetsera ntchito.

Kwa iwo amene afunsa kuti n'keke yanji yopanda dzira, yankho lili m'ntchito imene dzira limagwira. M'keke dzira limamanga ufa kuti usamwazike, limasunga mpweya kuti keke ifufume, ndipo limaipatsa chinyezi. Batala amaifewetsa ndi kuinunkhiritsa. Mkaka umasungunula shuga ndi kupepusa phala lake. Ntchito zonsezi zili ndi ena ozigwira. Nthochi yakupsa yofinyidwa imamanga ndi kunyowetsa. Soda akakumana ndi viniga kapena madzi a mandimu amatulutsa mpweya wofufumitsa. Mafuta a mpendadzuwa kapena a soya, omwewa timagula pakantemba m'timabotolo ta saladi, amalowa m'malo mwa batala. Mkaka wa soya, ngakhale madzi enieni, amalowa m'malo mwa mkaka wa ng'ombe. Kusiyana kulipo, ndipo sindikubisa: keke yotere imakhala yofewa ndi yonyowa, koma siigwirana kolimba, kotero kuti mpeni wobuntha umainyenya, ndipo fungo la batala mulibe. Koma wofuna kuweruza ayambe walawa.

Ndiponso wonyoza keke yopanda dzira anyoza dzanja la amayi ake osadziwa. Kodi m'chikondamoyo, chimene ena amati chigumu, muli dzira? Taonani mayi wa kum'mawa akuchiphika kuseri kwa nyumba dzuwa lisanatuluke. Afinya nthochi zakupsa kwambiri, zija zakuda makoko zimene wamalonda afuna kutaya. Azisakaniza ndi ufa wa mgaiwa, kamchere, soda wa pansonga ya supuni ndi madzi pang'ono, nathira shuga ngati alipo. Apaka mafuta m'poto, athiramo phalalo, natereka pambaula ya makala ochepa, ndipo makala ochuluka awayala pamwamba pa chivundikiro, pakuti adziwa kuti moto wa pansi ukachuluka chipserera kunsi m'kati musanapse. Akabaya ndi kamtengo, kamtengoko n'kutuluka kouma, ndiye kuti chapsa. Ena amathiramo mkaka akaupeza, koma chikondamoyo cha makolo sichilira mkaka. Chimodzimodzi zitumbuwa za nthochi, futali wa mbatata ndi nsinjiro, ndi chikanda cha abale athu a kumpoto chimene chigulitsidwa m'misika ya Lusaka: zonsezi n'za m'nthaka zokhazokha. Ngakhale mkate umene mkazi wamasiye wa ku Zarefati anaphikira mneneri Eliya unali wa ufa ndi mafuta basi, ndipo unasunga moyo wa nyumba yonse kufikira chilala chinatha. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sitingalemekeze chimene chili m'bokosi la kusitolo ndi kuchita manyazi ndi chimene chili pambaula, pamene nzeru yake ndi imodzi.

Tsopano ndinene ndi a mbali inayo, amene akaona dzina lija pabokosi aganiza kuti apeza chakudya chochiritsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuchotsa dzira ndi mkaka sikuchotsa shuga, sikuchotsa ufa woyera wa tirigu, ndipo sikuchotsa mafuta. Ophika ena, pofuna kubweza kukoma kumene kwachoka ndi batala, amachita kuonjezera shuga ndi mafuta omwewo. Munthu wa matenda a shuga kapena othamanga magazi, amene adokotala anamuuza kuti achepetse zotsekemera ndi zonona, asanyengedwe ndi dzina, pakuti lamulo limene anapatsidwa pa keke ina lili pomwepo pa iyinso. Keke ndi chakudya cha tsiku la chikondwerero, chodya kagawo kakang'ono, ndipo amene aisandutsa mfisulo wa masiku onse adzionongera yekha thupi, kaya m'kekemo muli dzira kaya mulibe.

Chimene chindidetsa nkhawa koposa ndi ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu mu Zambia, ana 35 anali opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya zomanga thupi. M'dziko lotere dzira limodzi m'phala la mwana ndi chuma chachikulu. Kale m'midzi yambiri munali mwambo woletsa ana ndi amayi apakati kudya mazira, ndipo anamwino analimbana nawo zaka zochuluka pasikelo kufikira unayamba kutha. Chingakhale chomvetsa chisoni ngati mwambo umenewo ungabwererenso m'dzina la chitukuko. Munthu wamkulu wosala zanyama zonse ali ndi ufulu wake, ngakhale iyenso ayenera kudziwa kuti vitamini B12, wofunika pa magazi ndi minyewa, sapezeka m'zomera zathu, kotero kuti afunika kumupeza m'mapiritsi kapena m'zakudya zimene anachita kumuthiramo. Koma mwana wamng'ono asamanidwe dzira ndi mkaka popanda uphungu wa kuchipatala. M'mera mpoyamba, ndipo msinkhu umene mwana wataya m'zaka zake ziwiri zoyamba subwezedwa msanga.

Tifike tsopano pa kagulidwe. Safunsa anadya phula. Lamulo la dziko lino la Competition and Consumer Protection Act la chaka cha 2010 lilamula kuti katundu wogulitsidwa akhale ndi chizindikiro chosonyeza dzina lake, zimene anamupangira, tsiku limene anapangidwa ndi limene adzaonongeke, ndi dzina la wopanga ndi kumene apezeka. Tsono wogula ali ndi mphamvu yowerenga ndi kufunsa, ndipo asachite manyazi pamaso pa wogulitsa. Zanyama zimabisala m'malo amene munthu sayembekeza: majarini ambiri muli mkaka pang'ono, chokoleti chambiri n'cha mkaka, jelatini wolimbitsa kirimu amachokera ku mafupa ndi zikopa za ng'ombe kapena nkhumba, chinthu chimene abale athu Asilamu nawonso afuna kudziwa, uchi ndi wa njuchi, ndipo utoto wina wofiira, wolembedwa E120, umachokera ku tizilombo. Kumbali ina, makeke otere amakonda kukhala ndi mtedza, soya kapena kokonati, ndipo pali anthu amene mtedza umawatupitsa kukhosi mpaka kulephera kupuma. Ngati mugula kwa mayi wophikira pakhomo, amene mwamupeza pa Facebook kapena pa WhatsApp, mufunseni maso ndi maso: "Amayi, mwathiramo chiyani umu, nanga m'chitini munapaka chiyani?" Wophika wokhulupirika sakwiya nalo funso limenelo.

Za mtengo ndinena mwachidule. Nthochi, soda ndi mafuta ophikira n'zotsika mtengo kuposa mazira ndi batala. Chifukwa chake keke yotere ikadula koposa inzake, wogula ayenera kudziwa chimene akulipira. Nthawi zina pali chifukwa chomveka, monga ngati wophika wagwiritsa ntchito mtedza wa kunja kapena kirimu wa kokonati wochita kuitanitsa. Koma nthawi zina munthu alipira dzina ndi bokosi. Palibe keke iliyonse pansi pano imene iyenera kulowetsa banja mu kaloba.

Ulendo wochokera ku masitolo a East Park, Arcades kapena Manda Hill, kudzera msewu wa Thabo Mbeki kufika mu Kalingalinga, ndi waufupi, koma ndi wokwanira kuononga keke yosasamalidwa. Kirimu wa makeke ena otere amapangidwa ndi mafuta a kokonati, amene amasungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 24, pamene dzuwa la October mu Lusaka limapitirira 30. Firiji nayo si yodalirika masiku onse. Tonse tikumbukira chaka cha 2024, pamene chilala, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 February, chinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi nakhala akuzima usana ndi usiku. Chifukwa chake ndilangiza kuti keke igulidwe pa tsiku la phwando lenilenilo; kuti m'nyengo yotentha musankhe yopanda kirimu wochuluka; kuti wonyamula aikhazike pamiyendo bokosi lili chathyathyathya, kutali ndi zenera la dzuwa; ndi kuti ikafika iikidwe m'chipinda chozizira, yovundikiridwa kuopa ntchentche ndi nyerere. Ngati inali m'firiji, ituluke kanthawi pang'ono alendo asanadye, pakuti kuzizira kwambiri kumabisa kukoma. Yotsala idyedwe mawa lake, chifukwa keke yonyowa, makamaka ya nthochi, siichedwa kuchita nkhungu kukatentha.

Pa kaperekedwe, choyamba ndi ukhondo. Mliri wa kolera umene unabuka mu Lusaka mu October 2023, nupitirira mpaka chaka chotsatira, unatenga miyoyo mazanamazana, unachedwetsa kutsegulira sukulu, ndipo unasandutsa bwalo la National Heroes kukhala chipatala. Ndipo m'makomboni mwathu ndimo munalira maliro ochuluka. Nsima ndi ndiwo zimafika pagome zili zotentha, koma keke ikachoka mu uvuni siibwereranso pamoto, kotero kuti chilichonse chimene dzanja laikapo chimalowa m'mimba momwemo. Wodula keke asambe m'manja ndi sopo, ndi madzi ochita kuthira kuchokera m'jagi, osati a m'beseni limene asambamo anthu khumi. Ndipo amene akutola ndalama zofupa pabwalo asakhale yemweyo wogawa keke.

Chachiwiri ndi mpeni ndi mbale. Popeza keke iyi siigwirana kolimba, ifuna mpeni wakuthwa ndi wopyapyala, woviikidwa m'madzi otentha ndi kupukutidwa ndi nsalu yoyera pakati pa kagawo ndi kagawo. Wodula atsitse mpeni kamodzi modekha, asachite kucheka ngati thabwa. Kagawo kaikidwe pakambale ndi supuni kapena foloko yake, pakuti papepala lopukutira m'manja kamanyenyeka kasanafike kukamwa. Ngati paphwando pali makeke awiri, ina ya mazira ndi ina yopanda, iliyonse ikhale ndi mpeni wake ndi mbale yake. Izi ena aziyesa zazing'ono, koma kwa mwana wa ziwengo kirimu wotsalira pampeni angathe kumugoneka m'chipatala, ndipo kwa wosala chifukwa cha chikhulupiriro mpeni wosakaniza uipitsa chimene munamukonzera ndi mtima wabwino.

Chachitatu, ndipo ndicho chachikulu, ndi mawu ndi mayendedwe. Mwambo wathu usasinthe chifukwa keke ndi yatsopano: akuluakulu ayambe kulandira, woperekera agwade kapena anyonyomale, apereke ndi manja awiri. Paukwati, pamene mkwati ndi mkwatibwi amagwada kupereka keke kwa makolo a mbali zonse ziwiri, ndi udindo wa ankhoswe kufunsiratu masiku akadalipo ngati apongozi ali ndi chimene asala, kuti mphatso ya ulemu isasanduke katundu wokagawira ana a oyandikana nawo. Woyendetsa mwambo asaimirire ndi chimkuzamawu kufunsa kuti ali kuti uja sadya mazira, pakuti kutero n'kumuika mlendo pambalambanda, ndipo ambiri angasankhe njala koposa manyazi otere. Anene kamodzi kwa onse, osaloza munthu, kuti, "Keke iyi mulibe dzira kapena mkaka, koma muli mtedza," ndipo aliyense adziwa yekha chochita. Musabisenso chimene chili m'kekemo kuti mudzaulule anthu atadya, ngati kuti mwawatchera msampha. Munthu wamkulu ayenera kudziwa chimene alandira. Ndipo wosalayo naye asunge ulemu wake: alandire ndi kuthokoza, asasandutse gome la mnzake guwa lolalikirapo za zoipa za nyama.

Chachinayi ndi zoperekezera. Tiyi afike wopanda mkaka, mkaka ukhale m'jagi pambali kuti wofuna adzithirire. Ndipo popeza ena a Sabata samwa tiyi kapena khofi, pakhalenso thobwa, munkoyo, madzi a malambe kapena a mandimu. Maheu a m'mabotolo muyambe mwawerenga, chifukwa ena amathiramo mkaka. Zipatso zowawasa pang'ono zimachepetsa kutsekemera kwa keke ndi kuikometsa: mango ndi masuku m'nyengo yake ya kumayambiriro a dzinja, nanazi wa ku Mwinilunga, papaya wothira mandimu. Ndipo pagome lomwelo, m'mbale yokongola mofanana ndi ya keke ya kusitolo, pakhale chikondamoyo chodulidwa bwino ndi mtedza wokazinga, osati kuseri kwa nyumba kumene adyera ophika, koma pamaso pa alendo olemekezeka, kuti ana athu aone ndi maso awo kuti chakudya cha agogo awo chili ndi malo paphwando.

Mawu anga otsiriza apite kwa amayi ndi atsikana a mu Kalingalinga, Mtendere, Chawama, Matero, George ndi Kanyama amene amapeza ndalama ya sukulu ya ana pophika masikono, zitumbuwa ndi makeke. Malonda awa ndi anu, ndipo simuyenera kuwasiyira masitolo akuluakulu. Zonse zofunika zili m'dziko mwanu momwemuno: mtedza wa Chalimbana wochokera kum'mawa, soya ndi mpendadzuwa wa alimi athu, tirigu wa ku Mkushi ndi Chisamba, shuga wa ku Nakambala, ndi nthochi zodzaza msika wa Soweto. Luso lophika popanda dzira munaliphunzira kale kwa amayi anu. Chotsala ndi kuonjezerapo kukhulupirika kumene wogula wa lero afuna. Sankhani mtedza wosaola, popeza wa chuku uli ndi poizoni woononga chiwindi. Tsukani chitini ndi mpeni. Lembani pakapepala zonse zimene mwathira ndi tsiku limene mwaphika. Ndipo mukanena kuti mulibe dzira, lisakhalemo ngakhale theka, pakuti wogula amene wanamizidwa kamodzi sabweranso, ndipo amauza anzake. Ophunzira a pa yunivesite, a m'maofesi a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ndi mipingo yozungulira ali pakhomo panu penipeni.

Chigamulo changa tsono n'chakuti keke yogula yopanda zanyama ndi yabwino, malinga igulidwe ndi maso otsegula, pamtengo woyenera, isayesedwe mankhwala, isalande mwana dzira lake, ndipo iperekedwe mwaukhondo ndi mwaulemu, pambali pa zakudya zathu zimene zinaitsogolera. Inu amene mukonza phwando chaka chino, funsani alendo anu chimene sadya tsiku lisanafike, ndipo mukamva yankho lawo, muwakonzere.